Galimoto Imene Tinaipha pa Maliro

Mng'ono wanga atamwalira, ine ndi mnzanga wina tinapha galimoto yake masanasana, kuseri kwa nyumba, amayi a mpingo akuyimba nyimbo za maliro pabalaza. Tinaipha dala, ndipo mpaka lero ndimati chifukwa chake chinali chabwino. Chimene sitinachiganizire n'chakuti kuphwasula injini aliyense angathe, ngakhale woledzera. Kuibwezera ndiye kumafuna munthu wina, ndipo pakati pa ife awiri munthu winayo panalibe.

Zinali zaka zimene migodi ya ku Kitwe inkagulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito m'magulumagulu. Ku Nkana West, kumene kale kunkakhala mabwana okhaokha, kapinga anasanduka minda ya chimanga, ndipo m'tinyumba ta antchito ta kuseri munalowa nkhuku. Mng'ono wangayo ankakhala kumeneko chifukwa anakwera mpaka kukhala kapitawo pansi pa mgodi. Ine ndinali kalaliki wamba m'sitolo ya zipangizo ya pa mgodi womwewo. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu, ya madzulo ija, ndikuchokera pansi ndi matope m'makutu. Nditadziwa kulemba anandikweza kumtunda, ndipo malo amene ndinasiya pansi paja ndinamupezera iyeyo, n'kumuyitanitsa kuchokera kwathu ku Malawi. Ine ndinatuluka mu mgodi ndi manja ofewa, iye anatulukamo ndi fumbi la miyala m'mapapo. Za zimenezi sindinena zambiri pano. Ndimazilankhula mokwanira ndikakhala ndekha.

Atamuchotsa ntchito anagula kagalimoto kakale ka ku Japan. Ataona kuti chifuwa sichimusiya, anaphunzitsa mkazi wake kuyendetsa pabwalo la mpira limene linali litamera udzu ofika m'mawondo. Mlamu wangayo ankaweta nkhuku zoyera zija za nyama. Ku Kitwe aliyense ankaweta zomwezo, ndiye panalibe wogula za mnzake. Iye zikakula ankazidzaza m'galimoto n'kupita nazo ku Ndola, ku Kansenshi, kumene akazi a anthu a m'maofesi a boma ankamudikira geti ndi geti. Ana ake ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha ulendo umenewo. Popanda galimoto, nkhuku zija zinali milomo chabe yofuna chakudya.

Uthenga wa maliro utafika kumudzi, yankho linabwera lakuti tisaike mpaka atsibweni athu atafika. Tonse tinamva zimene sanazinene. Masiku amenewo maliro ambiri a m'tauni ankatha ndi lole pakhomo. Abale a mwamuna ankalira mokweza, koma maso ali pa firiji. Lamulo loletsa zimenezi linalipo ndithu, kungoti lamulo silinkabwera pa maliro. Ndipo mng'ono wanga, mwa uchitsiru wake, anali atawatumizira atsibweniwo chithunzi atatsamira pa boneti, mwendo wina pa tayala.

Ine monga mkulu wa malemu ndinkayenera kukhala kumbali ya atsibweni, kugwira nawo mbali ina ya firijiyo. Kuwakaniza pamaso sindikanatha. Ndi amene anandilera, komanso ndine munthu wamantha.

Mnzanga amene ndikunenayu ndi Mbemba. Kuno ku migodi, Abemba ndi ife olankhula Chinyanja tili pa chimbuya, chinansi cha nthabwala chimene chimalola munthu kutukwana mnzake popanda mlandu. Kaya unachokera ku Chipata kaya kutsidya kwa malire, iwo amatiwerenga pamodzi ngati odya mbewa, ife n'kumawabwezera kuti odya anyani. Pa maliro athu Mbemba amachita zimene akufuna. Amakupaka ufa kumaso, amakulanda nsapato, amanyoza ngakhale malemu, ndipo ukakwiya wapusa ndiwe.

Anandipeza nditakhala mu tenti ya amuna panja, n'kundikankha ndi bondo.

"Ba kalaliki, mdala wanu uja akubwera kudzatenga motoka."

"Ndikudziwa."

"Nanga akaipeza yakufa? Anthu odya mbewa inu mumanyamula mitembo iwiri?"

Ndinamuyang'ana. Iye ankasenda mbatata yootcha ngati sananene kanthu.

Poyamba ndinati tingochotsa kawaya kamodzi kuti isalire. Koma tinamva kuti atsibweni akubwera ndi mdzukulu wawo wina amene anakhalapo kondakitala wa basi, ndipo munthu wotere kawaya akhoza kukapeza. Panafunika imfa yooneka ndi maso, yoti ngakhale munthu amene sanatsegulepo boneti aione n'kupukusa mutu.

Mnzangayu pantchito anali makanika wa zimakina zonyamula miyala pansi, zija matayala ake ndi aatali kuposa munthu. Galimoto yaing'ono anali asanaigwirepo. Iye ankati injini ndi injini basi, kusiyana kwake n'kwakuti iyi ndi mwana. Kunyumba kwake anali ndi bokosi la masipanala amene, malinga ndi iyeyo, anamutsatira okha tsiku limene anamuchotsa ntchito.

Ndinapita kukagwada pakhomo la balaza. Katundu yense anali atatulutsidwa monga mwa mwambo, ndipo mlamu anakhala pa matiresi pakona, atafunda nsalu yakuda. Ndinamunong'oneza. Anandiyang'ana ndi maso otupa.

"Alamu, mukudziwa kuibwezera?"

"Mnzanga amadziwa."

"Ndafunsa inu."

Atatero anatembenukira kukhoma, ndipo ine ndinatenga kutembenukako ngati chilolezo.

Tinakankhira galimoto kuseri, pafupi ndi khola. Mnzanga anazula mawaya a mapulagi onse pamodzi ngati akuzula anyezi. Anachotsa kabuleta, mkazi wanga n'kupita nayo kwathu m'dengu pansi pa masamba a maungu. Kenako anamasula hedi, chivundikiro cholemera chija cha pamwamba pa injini. Pansi pake panali gasiketi, kachipepala kolimba kotsekera kuti madzi ndi oyilo zisakumane. Anaikoka, inang'ambika pakona, iye n'kuti girisi adzakonza. Hediyo tinaikwirira m'khola pansi pa utuchi, nkhuku zikutiyang'ana.

Mkulu wina wa mpingo anatipeza manja ali bii.

"Kodi abale, pa maliro?"

"Ndikutenga gawo langa, mukwai," anatero mnzanga, akumupatsa ulemu wa Chibemba. "Ndine mbuya. Malemuyu anamwalira asanandigulire mowa." Anatapa ufa m'thumba la jekete n'kumuwaza mkuluyo kumutu. Anthu mu tenti anaseka, ndipo palibenso anafunsa.

Atsibweni anafika, tinaika maliro, ndipo m'mawa mwake lole inaima pageti. Anayendera nyumba yonse ndi ndodo yawo, akuloza. Atamaliza m'nyumba anati ndiwaonetse galimoto. Kondakitala uja anatsegula boneti monyada, kenako anangoti kukamwa yasa. M'katimo munali mabowo anayi akuyang'ana kumwamba.

"Chachitika n'chiyani apa?" anafunsa atsibweni.

"Inafa kalekale, atsibweni, mwini wake asanagone n'komwe. Chapamwambacho anapita nacho kwa amakanika, amakanikawo anathawa nacho ku Congo."

Ndinanena zimenezi nditavala jekete yanga ya kutchalitchi.

Atsibweni sanayang'ane injini. Anayang'ana manja anga.

"Kalaliki amakhala ndi zikhadabo zakuda?"

"Ndi dothi la kumanda."

Apo mnzanga analowerera. "Mdala, musavutike. Mangani chingwe, mbewa za kwanu zikoke mpaka ku Malawi. Mwatsala nazo zingati, kapena munadya zonse?"

Atsibweni mwambowo ankaudziwa, ndiye anameza mkwiyo. Koma sanafune kuchoka pa galimoto chimanjamanja. Anauza kondakitala kuti achotse batire, yoti akaimbire wayilesi. Kenako anatsegula chitseko, anakhala pa mpando wa dalaivala, anapeza kachitsulo kogonekera msana, n'kudzigoneka, n'kudzidzutsa, n'kudzigonekanso. Mpandowo unakwera lole pamodzi ndi firiji, wayilesi, bedi ndi masuti.

Ponyamuka anandiloza ndi ndodo. "Chitsulo chatsalachi ndi chako, ndiwe wamkulu. Ukadzachikonza udzabwere nacho kumudzi."

Lole itangokhota pakona, ine ndi mnzanga tinagwirana chanza ngati anthu amene apambana mlandu. Nkhuku zinali zitatsala pang'ono kufika pogulitsa. Tinati mawa galimoto ilira.

Mkazi wanga anabweretsa kabuleta, ife tinafukula hedi, tinaipukuta zitosi, mnzanga anapaka girisi wa ku mgodi pa gasiketi yong'ambika ija mpaka inaoneka ngati buledi wa mwana wa bwana. Ndiye inafika nthawi yomanga mabawuti. Apa ndiyenera kufotokoza. Pansi pa mgodi bawuti yosamangitsa imapha anthu. Kumeneko amamanga mpaka bawuti ilire, ikalira amalowetsa paipi yaitali pa sipanala, anthu awiri n'kulendewerapo. Munthu amene wagwira ntchito choncho moyo wake wonse sungamuuze kuti kuli zitsulo zina zofuna kunyengerera. Hedi ya kagalimoto kaja inali ya chitsulo chopepuka chija chopangira mapoto. Mnzanga anabwera ndi paipi yake.

"Mune, mnzanga iwe, gwira apa. Lendewera."

Ndinalendewera. Bawuti yoyamba inalira, yachiwiri inalira. Ina ya pakati sinalire, inangoti tha! Ndinapezeka ndakhala pansi, paipi ili pamimba.

Mnzanga anatola mutu wa bawutiyo, anauyang'ana, n'kuuponya mu chimanga.

"Inali yotopa kale. Zinazo zigwira."

Batire tinabwereka kwa munthu wina wa mumsewu womwewo. Pa malo a mpando tinaika kireti ya zakumwa. Mawaya a mapulagi aja palibe ankakumbuka kuti uti unali pati, ndiye tinawalumikiza mmene anaonekera bwino. Nditapotoza kiyi, galimoto inaphulika kumbuyo ngati mfuti, inaphulikanso kutsogolo, moto n'kutulukira pa kabuleta n'kuwaula nsidze za mnzanga. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anatuluka akululutira, akuti ayambanso kuphulitsa miyala pa shafiti ya mgodi imene inatsekedwa, amuna awo abwerera kuntchito.

M'khola munali zii. Nkhuku zoyerazi zikadzidzimuka zimathamangira pakona imodzi n'kukwerana, ndipo za pansi sizidzukanso. Tinatulutsa zakufa zodzaza beseni. Sabata imeneyo anthu obwera kudzapepesa anadya bwino kuposa pa ukwati. Mlamu anangotumiza mwana kudzandipatsa chiwindi pa mbale yapadera, ndipo ndinachidya ngati ndikutafuna sopo.

Tinasinthasintha mawaya mpaka injini inagwira n'kuyamba kulira ngati galimoto. Tinavina. Tinati tiiyese, ndipo tinalowera ku Riverside, mnzanga akuyendetsa atakhala pa kireti, mutu wokha ukuoneka pa windo. Tisanafike kumtsinje kamuvi ka kutentha kanakagona pofiira. Kumbuyo kunkatuluka utsi woyera ngati tikuotcha masamba aawisi. Ana a ku yunivesite amene anaima pamsewu anayamba kuomba m'manja, wina n'kukuwa kuti, "Madala, mukuphika chiyani?" Injini inatsokomola n'kuzima.

Tinaikankha ulendo wonse wobwerera. Titasolola kachitsulo koyezera oyilo, kanatuluka ndi zinthu zooneka ngati tiyi wa mkaka. Madzi ndi oyilo zinali zitakumana. Titachotsanso hedi, mnzanga anaikapo lula yachitsulo n'kuyang'anitsa kudzuwa. Pakati pankadutsa kuwala. Hedi inali itapindika ndi moto, ndipo chidutswa cha bawuti ija chinali chikadali m'dzenje lake, kansonga kokha kali kunja.

Tsopano galimoto inafadi. Bodza limene ndinauza atsibweni linali litakwaniritsidwa ndi manja anga, ndipo ndinaganiza kuti mwina kumwamba kuli wina amene amakonda nthabwala kuposa Abemba.

Ndinapitanso kukagwada pakhomo la balaza. Mwambo unkati mkazi wamasiye akhale m'nyumba kwa kanthawi, asaphike, asapite kumsika, azingolandira opepesa. Mlamu anamvetsera zonse.

"Ndiye atsibweni akanaitenga yamoyo," anatero, "bwenzi mwina ndikuiona pa chithunzi."

"Alamu, pepani."

"Pepani wanuyo nkhuku sizidya. Muitaneni wodya anyani uja."

Mnzanga analowa atagwira chipewa m'manja, wopanda nsidze. Aka kanali koyamba kumuona akusowa nthabwala. Mlamu anamufunsa ngati pali njira yowongolera hediyo popanda kupita nayo ku makina a m'tauni, kumene sitikanakwanitsa. Iye anakanda m'mutu. Anati ku mgodi, zitsulo za mapampu zikapindika pang'ono, ankazikhula pa chinthu chosalala kwambiri mpaka zifanane. Pafunika galasi lochindikala, sandipepa ndi palafini. Komanso pafunika munthu wopanda kopita, chifukwa ntchito yake ndi ya masiku.

"Wopanda kopita ndine," anatero mlamu.

Galasi linalipo. Linali la pamwamba pa tebulo ya pabalaza, ndipo atsibweni anatenga miyendo yokha poopa kuti galasilo lisweka pa lole. Tinaligoneka pa simenti, tinamatapo sandipepa, tinathira palafini. Mnzanga anapaka mwaye kunsi kwa hedi kuti tiziona pamene pakudyeka ndi pamene pasanakhudzidwe. Mlamu anagwada, nsalu yakuda ili m'chiuno, n'kuyamba kukankha chitsulocho uku ndi uku ngati akupera mawere.

Amayi a mpingo atabwera kudzamutonthoza anamupeza ali choncho. Poyamba anayang'anana. Mmodzi anati si bwino wamasiye kugwira ntchito, ndiye anamuchotsa n'kugwada iyeyo. Atatopa anagwada wina. Posakhalitsa anapeza kuti nyimbo zina za m'buku zimayenda bwino ndi kukankhako, makamaka zochedwa zija za ulendo wa kumwamba. Munthu ukamadutsa pamsewu unkamva nyimbo ya maliro, pansi pake chitsulo chikuti shwe, shwe, shwe. Abusa nawo anabwera, anapemphera, ndipo atati amen anawapatsa kansalu kogwadira. Anakankha ndime imodzi yokha n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Madzulo aliwonse tinkapukuta n'kuyang'ana. Mwaye unkachoka m'mbali, koma pakati pankatsala chilumba chakuda. Chilumbacho chinkachepa pang'onopang'ono, ndipo matumba a chakudya cha nkhuku ankachepa msanga kuposa icho. Nkhuku zija zikapitirira msinkhu zimangodya, zimanenepa mpaka miyendo kulephera kuzinyamula. Zina zinayamba kuyenda ndi chifuwa. Kenako mayi wina wochokera ku Ndola anatiuza kuti ku Kansenshi kwayamba kufika bambo wina wa kalole ndi nkhuku zake. Tsiku limenelo mlamu sanalole wina aliyense kugwada pa galasi.

Ife amuna tinali panja ndi chidutswa cha bawuti. Tinachinyowetsa ndi palafini, mnzanga n'kumachigogoda m'mbali ndi tchizulo kuti chizungulire. Pankafunika kugogoda pang'onopang'ono ngati ukugogoda pakhomo la apongozi. Kwa munthu wozolowera hamala yaikulu chinali chilango. Ankatuluka thukuta chifukwa chodziletsa.

"Mune, ndingoipatsa kamodzi kokha kabwino."

"Ukaipatsa ndikamuuza mlamu."

Ankatukwana mu Chibemba n'kupitiriza kugogoda ngati mwana. Tsiku lina chidutswacho chinagwedezeka, chinazungulira, n'kutuluka ndi zala.

Gasiketi yatsopano ndi mabawuti ndinakazipeza ku Ndola, pa tizisakasa ta ogulitsa zitsulo zakale. Ndinasiyako wotchi imene kampani inandipatsa pondithokoza kuti ndakalambira m'manja mwake. Sindinaidandaule. Kuyambira pamene anandichotsa ntchito inkangondiuza nthawi imene anzanga akale akulowa shifiti.

Chilumba chakuda chitatha, hedi inawala yonse ngati poto watsopano. Tinaikapo lula, kuwala sikunadutse. Tinainyamula awiri kupita nayo kuseri, ndipo titacheuka tinaona mlamu akutitsatira. Aka kanali koyamba kutuluka panja chiikireni maliro. Amayi ena anamuitana pakhomo, iye sanacheuke.

Mnzanga anayala gasiketi bwinobwino, yopanda girisi. Tinakhazika hedi. Kenako dzanja lake, mwa chizolowezi, linapita pa paipi ija. Mlamu anafika msanga kuposa iye. Anaitenga, anapita nayo pa chingwe choyanikira zovala, n'kuchirikiza nayo chingwecho pakati.

"Ntchito yake ndi imeneyo kuyambira lero. Onetsani manja nonse."

Tinatambasula manja ngati ana a sukulu. A mnzanga anali ngati makasu. Anga anali mmene analili, opyapyala, ofewa, a munthu amene wakhala zaka akunyamula cholembera.

"Amange ndi alamu," anatero.

Mnzanga anaseka mpaka kukhala pansi. "Ba kalaliki! Amene amalephera kutsegula botolo la tomato?"

"Omwewo. Inu muziwauza poyambira, koma musagwire."

Ndiye ndinamanga. Mnzanga ankaloza kuti ndiyambe ndi za pakati, ndizipita kunja modumphadumpha, iliyonse pang'ono, kenako ndibwererenso. Ndinkakoka sipanala mpaka pamene mkono wanga wathera, osapitirira, chifukwa kopitirira kunalibe. Mnzanga anaika manja m'khwapa kuti asandilande, akubuula ngati akumuzula dzino. Manja amenewa ndakhala ndikuchita nawo manyazi chiyambire tsiku limene ndinagwirana chanza ndi mng'ono wanga atatha chaka chake choyamba pansi. Masana amenewo anagwira ntchito imene manja abwino anailephera. Sindikuti zinafafaniza kanthu. Ndikungonena zimene zinachitika.

Tinathira oyilo watsopano ndi madzi. Mawaya ulendo uno tinali titawamanga timaulusi ta mitundu yosiyana. Mlamu anayamba wakatseka khola ndi masaka kuti nkhuku zisamve, kenako anakhala pa kireti n'kupotoza kiyi yekha. Injini inakoka kawiri n'kugwira. Tinaisiya ikulira, tonse titazungulira, maso pa kamuvi. Kanakwera mpaka pakati n'kuima. Tinasolola kachitsulo ka oyilo, kanatuluka koyera bwino. Mnzanga anafuna kuvina, mlamu anati adikire tikabwereko ku Ndola.

M'mawa mwake tinadzaza nkhuku. Mlamu anaika pilo pa kireti, anaimangirira ndi lamba wa malemu kuti isaterereke, n'kukhalapo ndi diresi lake lakuda. Mpando wa kutsogolo winawo unadzaza nkhuku, ndiye ine ndinakhala kumbuyo, zina pamiyendo, zina pamapazi, imodzi ikundiyang'ana m'maso ulendo wonse ngati ikudziwa amene anapha anzake. Ndinkamvetsera injini mmene ndinkamvetserera kupuma kwa mng'ono wanga kuchipatala, kudikira pamene pasokonekere. Sipanasokonekere.

Pa msewu wa ku Ndola wapolisi anatiimitsa. Anasuzumira, anaona nkhuku, anaona ine, anaona kireti.

"Mayi, mpando uli kuti?"

"Uli ku Malawi, bwana."

Anayang'ana diresi lakuda lija, n'kubweza mutu wake. Nayenso ayenera kuti anaonapo lole pakhomo la munthu. Anatikupizira dzanja kuti tizipita.

Ku Kansenshi mageti ena sanatseguke. Wantchito ankangotuluka n'kunena kuti adona agula kale kwa bambo wa kalole. Mlamu ankathokoza n'kupita geti lotsatira. Koma ena anatseguka. Amayi ankatuluka, kumukumbatira, kulira naye pang'ono, kenako n'kusuzumira m'galimoto.

"Mayi, izi ndi nkhuku kapena nkhukundembo?"

"Zinali pa maliro, zadya bwino."

Pobwerera m'galimoto munali nthenga, fungo, ndi nkhuku zochepa zimene zinalephera kuimirira pamaso pa ogula. Panjira anaima pa sitolo n'kugula anapiye atsopano ndi chakudya chawo. Ine ndinasamukira kutsogolo, bokosi la anapiye lili pamiyendo.

"Alamu," anatero, maso ali pamsewu, "galimoto ndi yanu. Atsibweni anatero pamaso pa anthu."

"Ndi yakufa imene anandipatsa. Iyi sindikuidziwa."

"Chabwino. Koma mukadzatsegulanso boneti iyi popanda ine, ndidzakumangani pa chingwe chija pamodzi ndi paipi."

Atsibweni ankatumiza mawu chaka ndi chaka kufunsa za chitsulo chawo. Ndinkayankha kuti amakanika aja sanabwerebe ku Congo. Amene ankachokera kumudzi ankatiuza kuti mpando uja uli pakhonde, ndipo mkuluyo amaweruzirapo nkhani za banja, akafuna kuganiza amadzigoneka. Mlamu anayenda pa kireti zaka zonsezo. Ankangosintha mapilo.

Atsibweni atamwalira ndinapita kukaika. Tsiku logawa katundu abale anakhala bwalo, ndipo anandifunsa monga mwana wamkulu wa mlongo wa malemu kuti nditenga chiyani. Panali njinga, panali mbuzi, panali firiji ija imene sinaonepo magetsi ndipo ankasungiramo mbewu. Ndinaloza pakhonde. Anthu anaseka, akuti tauni yandisokoneza mutu. Ndinaumanga pa denga la basi, unanyowa ndi mvula ku Chipata, unauma tisanafike ku Lusaka, ndipo ndinatsika nawo ku Kitwe nditausenza pamutu.

Mlamu anauyang'ana nthawi yaitali. Nsalu yake inali itang'ambika, ndipo pakati panali dzenje la thupi la atsibweni. Anakoka kachitsulo kaja, msana unagona.

"Ukugwirabe," anatero.

Anachotsa kireti yekha. Mabowo a mabawuti anali pomwe anawasiya kondakitala uja, odzaza nthenga. Ananditengera sipanala yaing'ono m'nyumba, anandipatsa, n'kuima pambuyo panga manja ali m'chiuno. Ndinagwada, ndinalowetsa bawuti yoyamba, n'kuyamba kupotoza.

"Basi, alamu," anatero. "Pomwepo."